Kachasu: liwu lomwe linakwera ndi Zambezi ndi Shire

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Ntcheu. Iwo alemba motere: "Tikuphunzira magulu a mayina mu Fomu 3, wophunzira wina anandifunsa chifukwa chake timati 'kachasu uyu' pomwe timati 'kamwana aka'. Nditapita nalo funsoli kwa aphunzitsi anzanga, mmodzi anati liwuli ndi Chichewa chenicheni, ndipo ka- wakeyo ndi wochepsa poti mowawu amamwera m'timakapu. Wina anati linabwera ndi anthu ochokera ku migodi ya ku Zambia. Zoona ndi ziti? Komanso kalabu yathu ya zaumoyo ikulemba uthenga wopachika pasukulu. Kodi jini ndi mowa wina wa m'timabotolo tingautchule kuti kachasu?"

Zikomo Aphunzitsi. Mwana amene anafunsa funsoli musamutaye, ali ndi khutu la chiyankhulo. Anzanu awiriwo aphonya onse, ngakhale wachiwiriyo wayandikirako poona kuti liwuli ndi lobwera. Kachasu ndi liwu lobwereka kuchokera ku Chipwitikizi. Eni ake amalemba cachaça, ndipo lero amatchula ngati "kashasa". Ka- amene ali kumayambiriroyo anabwera nalo liwulo kuchokera kwawo, si mphatikiri wathu wochepsa ayi. Mukamuchotsa mutsala ndi "chasu", chomwe m'Chichewa sichitanthauza kanthu, pomwe mukachotsa ka- pa kamwana mwanayo amatsala ali chilili.

Cachaça ndi mowa waukali wa ku Brazil, wotchezedwa kuchokera ku madzi a nzimbe. Masiku ano ndi chinthu chomwe dzikolo limanyadira, moti lamulo lawo limati mowa woyenera dzinali ukhale wopangidwa ku Brazil komweko ndipo ukali wake ukhale pakati pa 38 ndi 48 peresenti. Koma dzinali silinayambe ndi ulemu wotere. Apwitikizi atatsegula minda ya nzimbe ku Brazil m'zaka za m'ma 1500, ntchito ikugwiridwa ndi akapolo, ena mwa iwo ochokera kuno ku Africa, madzi a nzimbe ankawawiritsa m'miphika ikuluikulu popanga shuga. Pamwamba pake pankayandama thovu lakuda lomwe ankaliyengula n'kulitaya kapena kupatsa ziweto. Thovu limenelo ndilo linkatchedwa cachaça. Wansembe wina wachikatolika yemwe ankalemba ndi dzina loti Antonil, m'buku lake la 1711 lofotokoza chuma cha Brazil, anagwiritsa ntchito liwuli m'tanthauzo limeneli. Zotsalira za shuga zikagona masiku zimawira zokha n'kukhala zoledzeretsa, ndipo anthu atayamba kuzitcheza dzina linasamuka kuchoka pa thovu kupita pa mowa. Malonda ake anakula mpaka boma la ku Portugal linayesa kuuletsa pofuna kuteteza vinyo wawo, ndipo mu 1660 eni minda a ku Rio de Janeiro anaukira bwanamkubwa wawo pa nkhani ya misonkho ndi chiletso cha mowawu.

Mbali yowawa ya mbiriyi ndi yakuti mowa womwewo, wopangidwa ndi thukuta la akapolo, ankaukweza m'zombo kubwerera nawo ku Africa kukagulira akapolo ena. Ku Luanda ndi ku Benguela, m'dziko la Angola, unali umodzi mwa katundu wamkulu wosinthanitsa ndi anthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 zombo za ku Brazil zinachuluka ku gombe la kum'mawa, makamaka ku Quelimane, kufupi ndi kumene Zambezi amathira m'nyanja. Apa ndiye liwuli lafika pakhomo pathu.

Apwitikizi anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1530. M'mbali mwa Zambezi anali ndi minda ikuluikulu yotchedwa prazo, ndipo eni mindayo ankasunga asilikali awoawo, Achikunda, omwe ankayenda maulendo ataliatali osaka njovu ndi kuchita malonda mpaka kumtunda kuno. Maufumu a Amaravi a Kalonga, Lundu ndi Undi ankagulitsa minyanga ndi nsalu za thonje, n'kulandira mikanda, nsalu za ku India, kenako mfuti. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anadutsa dera lino mu 1616 pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ku gombe la dziko lomwe lero ndi Tanzania. Apwitikizi enanso, Lacerda mu 1798 komanso Gamitto mu 1831, anadutsa m'midzi ya Achewa popita kwa mfumu Kazembe, kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Zambia. Livingstone akufika m'chigwa cha Shire mu 1859, anthu a kumeneko anali atadziwana ndi a ku Sena ndi ku Tete kwa mibadwo. Ngakhale Angelezi atatenga dziko lino mu 1891, khomo lolowera linali lomwelo: sitima zinkanyamuka ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja, kukwera ndi Zambezi, kukhotera mu Shire mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga. Onjezanipo Asena ndi Alhomwe omwe anasamukira kuno kuchokera ku Mozambique, ndi anthu athu omwe ankapita kukadula nzimbe ku minda ya shuga ya ku Mopeia, Marromeu ndi Luabo, m'mbali mwa Zambezi. Liwu la Chipwitikizi silinasowe woliperekeza.

Umboni wina uli pa kufalikira kwake. Kachasu mumumva m'Chisena, m'Chinyungwe cha ku Tete, m'Chishona cha ku Zimbabwe, m'Chinyanja cha ku Chipata ndi ku Lusaka. Mukalemba malo amenewa pa mapu muona kuti azungulira mtsinje umodzi. Mukatalikira Zambezi mayina amasintha: kumpoto kwa Zambia ndi ku Congo amati lutuku, ku Tanzania gongo, ku Kenya chang'aa, ku Uganda waragi. Migodi ya mkuwa ya ku Zambia inakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mochedwa kwambiri poyerekeza ndi malonda a pa Zambezi. Mnzanu wonena za migodi uja musamuseke kwambiri komabe, pakuti maulendo a kumigodi anatibweretseradi mawu ena a pamowa. Shabini ndi chikokeyani anabwera ndi matchona a ku Joni ndi ku Halale, kuchokera ku shebeen ndi skokiaan.

Kachasu sanabwere yekha. Anzake a ulendo umodzi ndi nsapato kuchokera ku sapato, chipewa ku chapéu, mbatata ku batata, kalata ku carta, kapitawo ku capitão, makina ku máquina, kama ku cama, amalinyero ku marinheiro. Pa zakumwa pali vinyo, yemwe ndi vinho, ndi bibida ya anyamata a m'tauni, yomwe ndi bebida, liwu lomwe kwa Apwitikizi limangotanthauza chakumwa chilichonse koma ife tinalipatsa ntchito imodzi yokha.

Wina angafunse kuti ngati eni ake amati "kashasa", ife "cha" tinamutenga kuti. Chipwitikizi chakale chinkatchula ch monga momwe timatchulira ifeyo, ndipo kumpoto kwa Portugal kuli midzi yomwe mpaka lero imatchula choncho. Katchulidwe ka "sh" kanafala pambuyo pake. Komanso makolo athu sankakhala ndi "sh" m'mawu awoawo, ndiye ngakhale akanamva "sha" lilime likanathamangira ku "cha" kapena "sa". Taonani chipewa, nayenso anadutsa njira yomweyo. Kumapeto kwa liwu nako sikunakhazikike: ena amati kachasu, ena kachaso, ndipo wophunzira akalemba kachaso musamuchonge ngati walakwa. Wangolemba momwe amayankhulira kwawo. M'mabuku ndi m'nyuzipepala chofala ndi kachasu.

Tsopano ku funso la mwana uja, lomwe kwa ine ndilo lokoma kuposa onse. Chichewa chikabwereka dzina chimaliyang'ana kumayambiriro kwake n'kulipezera gulu. Nthawi zina chimanyengeka ndi maonekedwe. Chapéu anamveka ngati akuyamba ndi chi-, basi tinamuika m'gulu la Chi-, Zi- n'kumupangira chochulukitsa chomwe Mpwitikizi sangachizindikire: zipewa. Máquina kwa eni ake ndi chinthu chimodzi, koma ife tinamva ma- n'kuyamba kunena kuti makina awa, makina atsopano. Machesi a Angelezi zinawachitikiranso zomwezo. Potsata njira imeneyi munthu angayembekezere kachasu aka, tichasu iti. Sizinatero chifukwa Chichewa chili kale ndi khamu la mayina oyamba ndi ka- omwe sali m'gulu la Ka-, Ti-. Timati kalulu uyu, kamba uyu, kadzidzi uyu, katundu wanga, kabudula wakuda. Onsewa amatenga agwirizanitsi a gulu la Mu-, A- ngakhale alibe mu- kumayambiriro. Kachasu anapeza malo okonzeka kale pakati pa amenewa. Kuonjezera apo, mayina obwereka a zakumwa ndi zina zotere amakonda gulu lomweli: tiyi wotentha, khofi wowawa, vinyo wofiira, shuga wambiri, fodya uyu. Mowa, liwu lathu lakale, suli nawo limodzi. Timati mowa uwu koma kachasu uyu, ndipo munthu wobadwira m'chiyankhulochi sasokoneza ziwirizi ngakhale ataledzera.

Mukafuna kuyesa ophunzira anu, auzeni achepse liwuli. Adzanena okha kuti "kakachasu", monga momwe amanenera kakalulu kapena kakatundu. Ka- wachiwiriyo sakanafunika liwulo likanakhala lochepsa kale. Yerekezani ndi tujilijili wa ku Zambia, timapaketi ta mowa tomwe boma lawo linaletsa mu 2012: tu- ameneyo ndi wochepsadi, mnzake wa ti- wathu. Pa zochulukitsa, kachasu ali ngati madzi kapena mchere, sitimuwerenga. Mukamva "a kachasu" ndiye kuti akunena anthu, otcheza kapena akumwa, osati mabotolo.

Nanga liwuli limatanthauza chiyani kwenikweni pakamwa pa Amalawi? Ku Brazil dzina limamangirira pa nzimbe. Kuno linamasuka ku nzimbe n'kumangirira pa kapangidwe. Wina amatcheza ndi madeya, omwe ena amati gaga, osakaniza ndi shuga. Ku chigwa cha Shire ndi ku Mwanza kuli wa masawu. Kwina amagwiritsa ntchito nthochi, mango, masuku kapena nzimbe zenizenizo. Zonsezi ndi kachasu malinga zadutsa pamoto, zasanduka nthunzi, zazizira n'kudontha. Shuga wa m'sitolo anayamba kulamulira ntchitoyi atapezeka mosavuta, makamaka fakitale ya ku Nchalo itatsegulidwa mu 1966 ndi ya ku Dwangwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. N'chifukwa chake shuga akakwera mtengo amayi otcheza ndi amene amayamba kudandaula.

Aneni amene amayenda ndi mayinawa amasonyeza bwino malire ake. Mowa wa masese amafulula. Kachasu amatcheza, ngakhale ambiri amangoti kuphika. Apa chenjezani ophunzira pa kalembedwe: kutcheza kachasu n'kwina, kucheza pa kachasu n'kwinanso, ndipo t mmodzi yekhayo ndiye amasiyanitsa mwini ntchito ndi kasitomala. Pofulula, chimera cha mapira, mawere kapena chimanga chimasandutsa ufa kukhala wotsekemera, kenako tizilombo ta yisiti timadya kutsekemerako n'kutulutsa ukali. Yisiti ali ndi malire: ukali ukafika cha m'ma 14 kapena 15 peresenti amafooka n'kufa, ndipo masese a kumudzi safika n'komwe pamenepo, amathera m'munsi kwambiri. Munthu amamwa chipanda chathunthu, mimba n'kudzaza mutu usanazungulire kwenikweni. Kutcheza kumadumpha malire amenewa. Zoviika zija zikapsa amazithira mu mbiya kapena mu mgolo, kumata chivundikiro kuti mpweya usathawe, n'kusonkha moto wapang'onopang'ono. Ethanol, yemwe ndiye ukali wa mowa, amawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira mpaka 100, choncho nthunzi yoyamba imakhala yodzaza ndi ukali. Nthunziyo imadutsa mu paipi yomwe yamizidwa m'madzi ozizira n'kusanduka madontho. Kale ena ankagwiritsa ntchito mpope wa mfuti ya gogodela, zomwe zikukuuzani kuti luso limeneli linayendera limodzi ndi katundu uti. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Mozambique anamvetsera madonthowo n'kuupatsa mowawu mayina a tototo ndi tontonto.

Botolo loyamba kudzaza limatchedwa mutu. Ndilo laukali kwambiri, ndipo lili ndi mtengo wakewake. Otsatira amanka nachepa mphamvu mpaka omaliza amakhala ngati madzi onunkhira, ndipo luso la mayi wotcheza lili pa kusakaniza mabotolowa kuti makasitomala asadandaule koma iyenso asaluze. Ogula ena amadontheza pang'ono pamoto kuti aone ngati ayake. Kuyesa kumeneku kumangouza munthu kuti ukali ulimo wambiri. Sikunena kalikonse za zina zomwe zalowamo.

Kuti kachasu ndi mlendo mumaonanso pa miyambo. Mowa wa nsembe, wa chikumbutso cha malemu, wa chinamwali, wa dima polimitsa munda, umenewo ndi wofulula. Uli ndi masiku ake owerengedwa, amayi ake odziwa, zoletsa zake. Akuluakulu akamapita kukachisi kukapempha mvula amanyamula ufa ndi mowa wa chimera. Masese amasasa pakangopita masiku ochepa, ndiye amafuna anthu ambiri amwere limodzi lero lomwe. Kachasu saonongeka, amalowa m'botolo, amabisika m'thumba, amagulitsika pang'onopang'ono kwa munthu mmodzimmodzi. Kuyambira pachiyambi ndi mowa wa ndalama. Akale anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo uyu anadza nako ndithu.

Boma la atsamunda linawonjezera mthunzi pa dzinali. Pangano la ku Brussels la 1890 linamanga mayiko a ku Ulaya kuti aletse mowa waukali m'madera ambiri a pakati pa Africa, ndipo ku Nyasaland munthu wakuda sankaloledwa kutcheza kapena kugula mowa wa Azungu. Chiletsocho sichinathetse kachasu. Chinangomuthamangitsira kudambo, kuseri kwa chulu, ku nthawi ya usiku. Kumva kwa kubisa ndi kuthawa apolisi kunakakamira pa liwuli kuyambira pamenepo, ndipo sikunachoke ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964 ndi mowa wa m'mabotolo utafala, Carlsberg atatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark. Mpaka pano lamulo limafuna chiphaso kwa aliyense wopanga mowa wogulitsa, ngakhale aliyense akudziwa kuti m'midzi ndi m'makwalala a m'tauni moto umayaka tsiku ndi tsiku.

M'mayankhulidwe a tsiku ndi tsiku liwuli limagwira ntchito zingapo. Ndi chakumwa: wagula kachasu. Ndi malo: bambo ali ku kachasu, andipeza pa kachasu, monga momwe timanenera kumowa. Ndi chitonzo: za kachasu zimenezo, kutanthauza kuti zoyankhula zakozo n'zopanda mutu, kachasu wamutha, ponena munthu wotupa masaya ndi wofiira milomo yemwe kale anali ndi thupi lake. Ndi dzina la ntchito: amayi aja ndi a kachasu. Pomalizapa m'pofunika kusamala, chifukwa mawu omwewo amatuluka ndi mtima wosiyana kutengera woyankhula. Mlaliki akawanena ndi mlandu. Koma mudzakumana ndi anthu ophunzira bwino, ena ali m'maofesi akuluakulu, omwe amanena mosabisa kuti ndinaphunzira ndi ndalama za kachasu, ndipo pakamwa pawo ndi mawu othokoza mayi wamasiye yemwe analibe njira ina yopezera fizi. M'kalasi mwanu momwemo muyenera kuti muli ana otere.

Miyezo yake nayo ndi mawu obwereka okhaokha, zomwe sizodabwitsa poti botolo lenilenilo ndi lobwera. Toti ndi nipi ndi za Chingelezi. Velemoti, botolo lalikulu lomwe akuluakulu amalidziwa bwino, khutu langa limamvamo vermute, vinyo wina wa ku Ulaya yemwe mabotolo ake akatha ankapeza ntchito yachiwiri. Madera ena kachasu amamutcha jang'ala, ndipo kumalire ndi Mozambique mumva nipa. Mayina ena ndi a nthabwala, amabadwa pamalo amodzi n'kufera pomwepo.

Tifike pa uthenga wa kalabu yanu. Mwa kapangidwe, jini, wisiki, burande ndi vodika ndi abale a kachasu. Onse ndi otchezedwa, ndipo ambiri a m'sitolo ukali wawo uli cha m'ma 40 peresenti. Agogo akumudzi akaona botolo la wisiki n'kunena kuti ndi kachasu wa Azungu sanalakwe, afotokoza chinthucho molondola kuposa chizindikiro chomwe chili pabotolopo. Olemba ena amagwiritsadi ntchito kachasu pomasulira mowa uliwonse waukali. Koma pa chikwangwani cholankhula kwa achinyamata ine sindingakulangizeni kutero. Kwa mnyamata wa Fomu 3, kachasu ndi chakumwa cha madala a kumudzi, cha anthu osauka, chonunkha utsi. Iye amamwa za m'timabotolo tapulasitiki ta mayina okongola togulitsidwa pa kagolosale, ndipo akawerenga kuti "pewani kachasu" adzavomereza ndi mtima wonse, podziwa kuti iye sanamulawepo. Uthenga udzamudutsa pambali. Zinali chimodzimodzi nthawi ya masacheti, boma lisanawaletse mu 2015: ana ankayamwa timapaketi m'kalasi osadziona ngati akumwa chinthu chofanana ndi cha agogo awo, chikhalirecho ukali wake unali womwewo.

Chichewa chili ndi mawu okwanira pa ntchitoyi. Mowa ndilo liwu lalikulu lokuta zonse, kuyambira masese, Chibuku, kabanga, uchema wa ku chigwa cha Shire, mpaka wisiki. Zakumwa zoledzeretsa ndi mawu a m'malamulo ndi m'zikalata za boma, olondola koma ozizira pang'ono; amasiyanitsa ndi zoziziritsa kukhosi komanso thobwa ndi maheu. Pa gulu la otchezedwa onse pamodzi, nenani kuti mowa waukali. Si mawu atsopano: omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, analemba "chakumwa chaukali" pa Miyambo 20:1. Ndiye chikwangwani chanu chinganene kuti mowa waukali, kaya ndi kachasu, kaya wa m'timabotolo, kaya jini, ndipo aliyense adzipezamo.

Pali chifukwa china chosasakanizira mayinawa, ndipo ndi cha moyo ndi imfa. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa womwe unkadziwika ndi dzina loti "Ambuye n'tengeni". Pa milandu yotere padziko lonse, chomwe chimapha anthu ambiri nthawi imodzi kawirikawiri ndi methanol, mankhwala a m'mafakitale omwe amafanana ndi ethanol pa maonekedwe ndi fungo, ndipo ogulitsa osakhulupirika amawathira m'madzi n'kugulitsa ngati mowa. Ameneyo sanatchezedwe ndi mayi aliyense kudambo. Methanol amanyenga chifukwa munthu amaledzera monga mwa masiku onse, kenako patapita maola 12 mpaka 24 mutu umayamba kuwawa, amasanza, m'mimba mumapota, maso amachita chifunga, kupuma kumathamanga. Timasupuni tochepa tingachititse khungu losachira. Achibale amaganiza kuti ndi matsire n'kumusiya agone, pomwe amafunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kachasu wa kumudzi ali ndi zoopsa zakezake: ukali wake sudziwika, botolo lililonse ndi losiyana ndi linzake, zitsulo zotchezera zina zimasiya mtovu m'mowa, ndipo womwa tsiku ndi tsiku osadya amaononga chiwindi. Koma mukatcha zonsezi ndi dzina limodzi, anthu adzaloza chala mayi wa madeya uja n'kupitiriza kugula chigubu chosadziwika kochokera.

Chotsala n'chakuti mayina a mowa wa achinyamata sakhalitsa. Dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense chaka chatha lero alitaya, ndipo limene akugwiritsa ntchito panopa mwina inu ndi ine sitinalimvepo, poti ntchito yake ina ndi yoti aphunzitsi ndi makolo asamve. Musanalembe chikwangwanicho, apatseni ana a m'kalabumo timapepala alembe okha, osasaina, mayina onse omwe amamva kumsika ndi kumavidiyo. Amene atchulidwe kawirikawiri ndiwo muike pansi pa mawu oti mowa waukali, ndipo musiye mpata m'munsi mwake woti mudzaonjezere ena teremu ikubwerayi.